Bulauzi Yanu Ili kwa Ine

Amayi, kaya kumeneko mwadzuka bwanji lero?

Kuno tilipo, tikupuma. Ndi ine Tadala, mwana wanu wamakani uja. Ndakhala pakhonde pano ku Manja, pampando wanu uja wa mwendo umodzi waufupi. Sitinaukonzebe. Bambo a Chisomo amangoti mawa, mawa, ndipo mawa lawolo mukulidziwa, ndi lomwe lija ankalonjeza za mpopi wa panja inu muli moyo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Limbani, wachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo kakayamba kulira kamakwinya pachipumi monga munkachitira inu wina akaika mchere wambiri m'ndiwo. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chachita bwino chaka chino, ngakhale anthu odutsa anatithandiza kudya mondokwa osatipempha. Mtengo wanu wa mapeyala wabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Chisomo ali fomu yachitatu tsopano, watalika kundiposa, ndipo akayankha ndimamva pakamwa panga pomwe. Munkati ndidzabala wofanana nane kuti ndidzalawe. Ndikulawa, Amayi, musadandaule.

Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chanu. Alongo anu, a malume a Zuze, anabwera kuchokera ku Nsanje kudzakonza za tsikulo. Tinakhala pabalaza n'kumatchula oti aitanidwe, uyu inde, uyu inde. Limbani atatchula mng'ono wanu, mayi aang'ono a Marita, a malume anagwedeza mutu. Anati munthu amene anaba yunifomu ya kutchalitchi ya mchemwali wake n'kukaigulitsa pa kaunjika alibe malo pa manda a mchemwali wakeyo, ndipo inu munapita musanamukhululukire, ndiye ife ndife yani kuti tikutsutseni. Onse anavomereza. Ine ndinadzuka n'kukaika madzi a tiyi pamoto ngati kuti wina wandituma.

N'chifukwa chake ndatenga cholembera lero. Munkakonda kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mimba mwanga mwakhala mukuwawa zaka zoposa makumi awiri, koma chitsekocho ndinkangochiyang'ana.

Mukukumbukira zaka zija matipate atangobwera? Tauni yonse inali ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Atsikana tinayamba kuvala mathalauza, inu n'kumatiyang'ana ngati tatukwana. Malemu abambo, muja ankayendetsa galimoto pa ofesi ina ku Mandala, tsiku lina anabwera ndi katoni ya zinthu zimene bwana wawo wachizungu anasiya pobwerera kwawo. Munali mabuku, nsapato imodzi yopanda inzake, ndi makaseti asanu. Inu munkayesa ndi nyimbo za kwaya. Titaika yoyamba mu wailesi munalumpha n'kunena kuti zimitsani, wailesi yapsa. Abambo anaseka mpaka kutsokomola.

Koma ine ndinagwidwa pomwepo ngati mbewa pa msampha. Zimene ankaimbazo sindinkazimva zonse, Chingerezi chawo chinkathamanga kuposa minibasi yolimbirana anthu pa Limbe. Chimene ndinamva n'chakuti anthuwa akwiya, ndipo sakupepesa kwa wina aliyense chifukwa cha kukwiyako. Ine ndinakula ndikugwada, ndikuuzidwa kuti mtsikana saseka mokweza, mtsikana sayang'ana wamkulu m'maso, mtsikana akapsa mtima amatsuka mbale. Ndiye kumva munthu akukuwa mpaka mawu kusasa, gitala ikulira ngati macheka pa lata, ndinangoti kani n'zotheka. Makaseti atatu anali a roko. Iyo inali ndi kaulemu pang'ono, woimba gitala ankadekha, n'kumaliza chingwe chimodzi mpaka umve chisoni chosadziwa kochokera. Awiri enawo anali a panki, ndipo amenewa ndiwo anandimaliza. Panki ilibe nthawi yopereka moni. Nyimbo imayamba, iwe usanakhale pansi yatha kale. Ndinkaibweza kasetiyo ndi pensulo posunga mabatire, mpaka chala changa chinachita chithuza.

Inu simunandiletse kwenikweni. Munkangoti mwana akalilira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha, kenako n'kundiuza kuti ndikamvere phokoso langalo kuseri kwa bafa.

Pa magulu onse amene ndawamvera moyo wanga uno, a kunja ndi a konkuno, palibe londiposera Malata Odooka. Musaseke, linali dzina lawo lenileni. Anali anyamata anayi a ku Mbayani amene ankaphunzirira kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo, chifukwa kumeneko kokha ndi kumene phokoso lawo silinkadandaulitsa munthu. Sipika yawo inali yomanga ndi mphira ya njinga. Ng'oma imodzi inali chigubu. Mtsogoleri wawo, Yona, ankadziwa kugwira gitala malo atatu okha, ndipo ankati achinayi ndi a anthu onyada. Ndinkakuuzani kuti ndikupita kukawerenga kwa mnzanga, ine ndikuyenda wapansi mpaka ku Mbayani kukakhala pa tayala n'kumawamvera. Ankaimba m'Chichewa, za maenje a mumsewu, za madzi osatuluka m'mipopi, za akuluakulu olonjeza nsapato kwa anthu opanda nsapato. Kanali koyamba kumva chilankhulo changa chikukuwa.

Ndiye kunabwera shoo ina ya zoimbaimba Loweruka masana mu holo ina ku Limbe. Magulu akuluakulu anali a rege, koma a Malata anapatsidwa mpata wa nyimbo zitatu anthu akamalowa. Kutatsala sabata imodzi, woimba wawo anakwera basi ya ku Joni osatsanzika. Yona anati iwe Tadala nyimbo zonse umazidziwa, ndipo pakamwa uli napo, uimba ndiwe. Ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

Vuto linali chovala. Pa chikuto cha kaseti imodzi panali chithunzi cha woimba atavala malaya oyera ong'ambikang'ambika, olumikiza ndi mapini. M'mutu mwanga munalowa kuti popanda malaya oyera palibe panki. Ndinafufuza m'zovala zanga, munalibe choyera china koma malaya a sukulu, ndipo amenewo ndinkafunika kuvala Lolemba. Choyera china m'nyumba yonse chinali chimodzi.

Mukuidziwa. Ndi bulauzi ija anakuvekani amayi busa pamaso pa mpingo tsiku limene munalandiridwa m'gulu la amayi a kutchalitchi. Simunkailola kukhudzana ndi chovala china pochapa. Simunkadya mutaivala. Munkatiuza kuti chovala chogula ndi chogula, koma chovekedwa ndi pemphero n'chimodzi basi, ndipo imeneyi ndiyo mudzagone nayo m'bokosi. Masiku amenewo a Marita ankakhala nafe, banja lawo litatha, n'kumagulitsa kaunjika pansi ku Limbe. Ndi iwo okha munkawalola kuichapa ndi kuisita, chifukwa munkati manja anga ndi a mwamuna. Lachisanu anaisita ndi simbi ya makala n'kuipinda mu sutukesi yanu. Loweruka m'mawa inu muli ku msika, ine ndinatsegula sutukesiyo.

Ndinadziuza kuti ndingoivala maola awiri, ndibweze, palibe adziwe. Nditafika nayo ku Mbayani, Yona anaseka nati ndikuoneka ngati ndikupita kukaimba pa maliro. Mawu amenewo okha basi. Sanandiuze kuti ndiing'ambe, ndipo sankadziwa n'komwe kuti ndi ya ndani. Ndine ndinapempha lumo. Ndine ndinadula manja onse awiri, n'kuicheka pamimba ndi pamsana, n'kulumikiza ndi mapini. Ndine ndinaviika chala mu penti yofiira yopakira mageti n'kulemba MALATA pachifuwa. Palibe anandigwira dzanja, Amayi. Ndipo pamene ndinkachita zimenezi ndinkaseka.

Chinthu china chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi: shoo ija inakoma. Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima unkandigunda ndi chisoni pa nsanja paja, koma likhala bodza linanso. Titayamba, anthu a rege anatigenda ndi zitsononkho za chimanga chootcha. China chinandimenya pakhutu. Ndinachitola n'kuchibweza komwe chinachokera, holo yonse n'kuphulika ndi phwete. Pofika nyimbo yachiwiri, achinyamata ena kutsogolo anali akudumpha n'kumagundana mapewa, fumbi lili kobo. Nyimbo yachitatu ili pakati magetsi anathima. Magitala anafa, chokuzira mawu chinafa, koma wa ng'oma sanasiye, ndipo nane sindinasiye. Ndinakuwa ndi kukhosi kwanga kokha mpaka a kumbuyo anandimva n'kuyamba kuyankha. Sindinakhalepo wamoyo ngati mphindi zimenezo, ngakhale pa ukwati wanga. Nyimbo yakeyo inali yonyoza anthu abodza. Tangoganizani.

Lolemba kunagwa maliro a mayi mnzanu wa m'gulu lija. Munatsegula sutukesi. Ndikukumbukira mmene munakhuthulira zonse pansi, n'kubwerezanso, n'kusuzumira ndi kunsi kwa bedi komwe. Munandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Tadala, bulauzi yanga waiona?" Ine ndinakuyang'anani m'maso, zija munkati mtsikana sachita, n'kuyankha kuti, "Ayi, Amayi." Nthawi imeneyo bulauziyo inali mu jumbo, kunsi kwa mabuku anga a sukulu, masitepe atatu kuchokera pamene munaima.

Munapita ku maliro aja ndi chitenje wamba, n'kukhala kumbuyo pamodzi ndi anthu ongobwera, anzanu ali pa mzere woyera akuimba mozungulira bokosi. Munabwerako maso atafiira. Madzulo ake mayi wina woyandikana nafe, uja sankasowa chonena, anati waonapo bulauzi yoyera pa mulu wa a Marita ku Limbe. Mwina anaionadi, pa kaunjika mabulauzi oyera ndi ambirimbiri. Koma inu munali mutapsa kale, munkangosowa poti mutulire. Munawauza mng'ono wanu kuti mwawasunga, mwawadyetsa, ndiye afika pogulitsa ndi nsalu ya Mulungu yomwe. Iwo anangoti sanatenge. Ananena kawiri, modekha, kenako anamanga mtolo wawo. Mukudziwa amene anawanyamulira chikwama mpaka pa msewu? Ndine. Ndinawatsanzika ndi kuti muyende bwino.

Kuyambira pamenepo simunalankhulanenso. Munasoketsa bulauzi ina, koma munkati si yomweyo, ndi nsalu chabe. Ndinkadziuza kuti ndinena ndikalemba mayeso. Ndinalemba. Ndinati ndinena ndikapeza ntchito. Ndinaipeza, ya ukalaliki m'tauni muja. Pa ukwati wanga a Marita anatumiza beseni kudzera kwa munthu wina, inu n'kulibweza. Abambo atamwalira anabwera kudzalira, inu munatembenuzira nkhope ku khoma. Tsiku lililonse lotere bodza linkakula, ndipo ine ndinkachepa. A Malata Odooka anabalalika chaka chisanathe, Yona pano ndi kondakitala wa mabasi aatali, wanenepa ndipo amaimba m'kwaya. Panki yonse ya mu Blantyre inatha ngati moto wa mapesi. Chotsala chinali chibale chanu chimene ndinacheka ndi lumo lija.

Mukudwala mwakayakaya ndinakhala pambali panu masabata atatu. Tsiku lina munandigwira dzanja n'kunena kuti chibale ndi fupa sichiola, koma lanu ndi Marita linaola. Ndinatsegula pakamwa, Amayi, Mulungu ndi mboni. Chimene chinatuluka n'chakuti kodi ndikubweretsereni phala.

Pa maliro anu simunaone, ndiye ndikuuzeni. A Marita anabwera wapansi kuchokera ku Mbayani. Mwa mwambo wathu ndi iwo ankayenera kukusambitsani ndi kukhala kumutu kwanu m'nyumba, poti mng'ono wanu wa bere limodzi ndi iwo okha. Azimayi a kwathu anawaimitsa pakhomo. Anati malemu sakanafuna. Anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja pamodzi ndi anthu a m'dera, atafunda chitenje kumutu. Ine ndinali m'kati, ndikulira mokweza kuposa onse, anthu n'kumati onani mmene mwanayu ankawakondera amake. Munagona m'bulauzi yachiwiri ija.

Sabata yatha, a malume atabwerera ku Nsanje, ndinapita ku Mbayani. Ndinatenga shuga ndi mapeyala anu asanu. Njira yonse ndinkayeseza mawu ngati mwana wa sande sukulu. Akukhala m'kachipinda kamodzi kumtunda kwa msika, maso ayamba kuchita khungu, kaunjika anasiya kalekale. Anandizindikira ndi mawu. Ndinawauza za mwana wa Limbani, za chimanga, za Chisomo, za mvula, mpaka za mpando wanu wa mwendo waufupi. Nkhani ya bulauzi yokha, yomwe ndinapitira, ndiyo ndinailumpha. Nditayamba kutsanzika anandigwira chitenje.

"Kodi zoimba zako zija unasiya?" anatero. "Unali ndi mawu, iwe. Magetsi atathima tinkakumva ndi panja pomwe."

Ndinakhalanso pansi. Anati tsiku limenelo anayala kaunjika wawo pafupi ndi geti ya holo, poti pa shoo pamadutsa anthu ambiri. Anamva mawu owadziwa, anasiya katundu ndi mnzawo n'kukasuzumira pakhomo. Bulauziyo anaizindikira nthawi yomweyo, ngakhale inali yong'ambika ndi yopakapaka, chifukwa pa kolala panali kachipsera ka simbi kamene anapsereza okha dzulo lake n'kumaopa kukuuzani.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene, zaka zonsezi. Anati abambo anali mkulu wa mpingo, inu munali wa m'gulu la amayi, ndipo mtsikana wodula yunifomu n'kukavina nayo pamaso pa anthu oledzera sakanagona m'nyumba imeneyo, mayeso ali pafupi. Iwo anali kale mkazi wobwerera ku banja, dzina lawo linali litada kale, langa linali lisanayambe n'komwe. Kenako ananena mawu amene sakundichoka m'makutu.

"Sikuti ndinakusenzera mpaka kalekale ayi, mwana wanga. Ndinkadikira unene wekha. Ndinati akalemba mayeso anena. Ndinati akakwatiwa anena. Pa maliro paja, ndili pansi pa mtengo, ndinati lero ndiye anena, andilowetse ndikawaone achemwali anga komaliza."

Sanakweze mawu. Sanalire n'komwe. Anangondifunsa ngati mapeyalawo apsa kale kapena awaike mu ufa. Ine ndinalira ngati kamwana, mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Amayi, ndachita manyazi, ndipo sindikudziwa mawu ena oposa amenewa. Munafa mukudana ndi munthu amene ankateteza mwana wanu. Munkati mlandu suola, ine n'kumayesa ndi mwambi woopsezera ana.

Nyimbozo sindikuziimba mlandu. Ndimazikondabe, ndisakunamizeni. Ndikatsala ndekha m'nyumba Loweruka ndimaziika pa foni n'kumakolopa ndikugwedeza mutu, mayi wamkulu ngati ine. Zinandiphunzitsa kuti munthu wamng'ono akhoza kuima pamaso pa akuluakulu n'kunena zoona mokweza. Ine ndinatolapo kukweza mawu ndi mapini, zoonazo n'kuzisiya pansi. Wa panki weniweni m'banja mwathu, mng'ono wanu uja, sanakwerepo pa nsanja. Mwezi watha Chisomo anapeza makaseti aja m'katoni, ndipo nditamuuza kuti ndinaimbapo ku Limbe wakhala akundiyang'ana ngati ngwazi, akuuza ndi anzake omwe ku sukulu. Nayenso ayenera kumva mbali yotsalayi.

Bulauzi yanu ili kwa ine. Sindinathe kuitaya kapena kuiwotcha. Yasamuka nane nyumba zitatu ili mu jumbo, ndipo ngakhale bambo a Chisomo sanaionepo. Dzulo ndinaitulutsa. Yasanduka yachikasu, mapini achita dzimbiri n'kudetsa nsalu, koma MALATA akuwerengekabe, ndipo kachipsera ka simbi kali pomwepo pa kolala.

Ndiye lonjezo langa ndi ili. Tsiku la chiliza ndidzapita ndekha ku Mbayani m'mawa kukawatenga a Marita, afune asafune a malume. Abusa asanayambe pemphero, nsalu isanachotsedwe pa mwala wanu, ndidzatulutsa bulauziyi pamaso pa a malume a Zuze, pa Limbani, pa amayi a yunifomu zoyera, pa mwamuna wanga ndi pa mwana wanga, n'kunena kuti wakuba uja ndi uyu waima apa. Akadzafuna kundigenda adzandigende, ndinagendedwapo. Ndipo nsalu ya pa chiliza adzaichotse ndi mng'ono wanu, ndi manja omwe aja munkawakhulupirira pa simbi.

Ndikuopa, Amayi. Makamaka nkhope ya a malume. Mukadzaona kuti ndayamba kuyang'ana pansi n'kumafunsa anthu ngati akufuna madzi akumwa, mudzanditsine monga munkachitira m'tchalitchi ndikamasinza. Mawu ndili nawo. Ndinakuwapo mu holo magetsi atathima, anthu n'kundimva mpaka panja pa geti.

Muwapatse moni abambo. Muyambe mwawakhazika pansi musanawauze zimenezi.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anakuyankhani kuti ayi,

Tadala